Tsiku limene Lady Arabella anatsika pakhoma

Anzanga inu, musadzayerekeze kupita kokayenda ndi mwamuna mutangoweruka kumene ku shifiti. Ine a Mwansa, nesi wa ku Zambia amene timapemphera naye ku Wolverhampton, atandipempha kuti tikaone nyumba yakale ya anthu olemera kunja kwa tauni, ndinangoti eya, zamakedzana ndimazikonda kwambiri. Zamakedzana ziti? Ndinkafuna iwowo! Ndinachoka ku care home kumene ndimasamalira okalamba m'mawa, kusamba, kuvala diresi, basi ulendo, tulo tili m'maso.

Nyumbayo inali zii ngati tchalitchi Lolemba, fungo la matabwa akale ndi polishi lili ponseponse. M'chipinda china munali chithunzi chachikulu chojambula ndi penti, mzimayi wovala diresi ya buluu, mikanda yoyera m'khosi, kagalu pamiyendo. Bambo wotionetsa malo anati ameneyu ndi Lady Arabella, anakwatiwa ali kamtsikana, anamuchotsa kwawo kutali n'kumubweretsa kuno, ndipo mayi ake sanawaonenso mpaka imfa. Ana ake ambiri anamwalira ali makanda. Akuti madzulo aliwonse ankakhala pawindo kuyang'ana njira.

Ine chisoni chinandigwira. Ndinamuyang'ana m'maso, mumtima ndikuti, mayi iwe, kodi nawenso unasiya amako n'kubwera kozizira kuno? Gulu linapitirira, a Mwansa nawo pambuyo, ine ndinatsalira. Pakona panali mpando wofewa, kadzuwa kakuwomba pomwepo. Kachingwe kofiira kotchinga mpandowo ndinakaona, inde, koma ndinkayesa n'kokongoletsa chabe. Ndinakalumpha n'kukhala. Nsapato zinkandithina, ndinavula.

Kenako mayi uja anatsika pakhoma pang'onopang'ono, diresi ikukhwekhwereza pansi, n'kudzakhala pafupi nane. Ankayankhula Chichewa cha ku Dedza chenicheni! Tinacheza za amayi athu, za kuzizira kwa kuno, za amuna, ine ndikumufunsa kuti bwanji sankangowaimbira video call, iye akungoseka atagwira pakamwa. Kagalu kaja kakundinyambita kumapazi. Kunja kwa windo kunali munda wathu wa mbatatesi, nkhungu ikutsetsereka paphiri. Ndiye anandigwira paphewa mofatsa.

Kutsegula maso, mayi yemwe uja ali chilili patsogolo panga, diresi ya buluu, mikanda, dzanja lozizira lili paphewa langa!

"Mzukwa! Mwazi wa Yesu!"

Ndinadzambatuka, phazi kukodwa m'kachingwe kaja, zitsulo zake khu pansi, alamu kuyamba kulira nyumba yonse. Ndinathawa wopanda nsapato mpaka kukagundana ndi ana a sukulu pakhomo, aphunzitsi awo kukamwa yasa.

Mzukwa uja unanditsatira, nsapato zanga zili m'manja. "You alright, bab?" Mzukwa wanji woyankhula ngati mayi wogulitsa pamsika wa ku Walsall? Anali agogo ena ongodzipereka, amavala ngati Arabella kuti azifotokozera alendo mbiri yake. Bambo uja anabwera nkhope itafiira, akuti mpando umenewo ndi wa Lady mwiniwake, ngakhale iwo amaukhudza atavala magolovesi. Ine apo n'kuti nditaudonthezera dovu.

A Mwansa anapepesa m'malo mwanga mpaka Chingerezi kuwathera. Mu basi ankangoyang'ana pawindo mapewa akugwedera, ine ndikuti basi, zatha zisanayambe, Lamlungu ndikasinthe tchalitchi. Titayandikira ku Walsall anapukuta misozi ya kuseka n'kutembenuka.

"Ba Tadala, agogo aja akuti anaima nthawi yaitali asanakudzutseni. Akuti munkayankhula m'tulo, Chichewa chonsecho iwo sanamve, koma dzina langa analimva kambirimbiri. Ndiye andiuza kuti munda wa maluwa wa panyumba paja amaubwereketsa pa maukwati."

Ndinatsika basi siteji yanga isanakwane! Kuyambira tsiku limenelo, munthu wakufa akapachikidwa pakhoma ndimamuona choimirira, nsapato kumapazi, pakamwa nditatseka.