Tsiku Limene Ndinagogoda Denga la Ndege

Inu, sendezani mpando kuno. Mukamva anthu a ku Ndeke, komboni yathu ya ku Kitwe, akunditcha Sputiniki, musayese dzinalo ndinalitola pamsewu. Ndinalikhetsera thukuta.

Chinali chaka cha 1966, kopa ya m'migodi ikuyenda malonda ngati zitumbuwa, aRasha ndi aAmerika akupikisana kuponya zitsulo zonga Sputiniki kumwamba. Kampani yathu ya mgodi nayo inati isatsalire: wokwanitsa zaka teni pansi popanda ngozi akwere ndege, Ndola mpaka Lusaka, kubwerako mawa lake. Mzungu akakwanitsa zaka zomwezo ankamupatsa galimoto. Ine Amos anandipatsa mitambo.

Mkazi wanga Felistus analengeza Ndeke yense. Anabwereka lole ya Esau wogulitsa kapenta, nadzazamo amayi a kwaya kuti akaone mwamuna wake akuuluka.

Tsono tamverani. Munthu wa mumgodi sakhala pansi pa denga asanaligogode. Likalira ngwee, lili bwino. Likalira phuu, thawa, mwala ukubwera. Nditangolowa m'ndege, dzanja linachita lokha. Ambulera yanga m'mwamba, go, go. Phuu! Ndinayesa pena. Phuu!

"Bambo, khalani pansi," anatero mtsikana wa yunifolomu.

"Mwana wanga, denga ili waliyendera ndani m'mawa uno?"

"Ndege ndi yatsopano iyi, bambo."

"Manda nawonso amakhala atsopano! Mwebantu, anthuni, tulukani!"

Ndinakuwa ndi mawu a pansi pa mgodi. Mzungu wina watayi, ndikhulupirira anagwirapo kwathu, ndiye anayamba kudumpha. Mayi wina anasiya nsapato pamakwerero. Mwayi wake kwaya sinaone kanthu, inali itatsinzina kundipempherera.

Onse anawabweza m'ndege. Ine ndekha apolisi awiri ananditulutsira chipata chakumbuyo, kumene kunaima lole. Ndege ikunyamuka, amayi akululutira, Felistus anabwera kudzatenga botolo la thobwa, n'kundipeza nditakhala patayala.

"Bashi Evaristo!" anakuwa, ndiko kuti bambo ake a Evaristo, mwana wathu. "Nanga amene tikumubayibitsa m'mwambamo ndani?"

Ndinafotokoza zonse. Anangondiyang'ana, ndipo ndinachita mantha kuposa m'ndege muja.

"Ine ndasoketsa diresi. Josephine wa kwaya uja sanandilankhule sabata yathunthu chifukwa cha nsanje. Aliyense adziwe kuti inu ndege mwakwera. Lowani umu."

Anandikankhira pansi pa tenti, pakati pa matumba a kapenta. Mamailosi fote kubwerera ku Kitwe, kwaya itandikhalira pamsana, ikuimba zothokoza kuti ndili pafupi ndi angelo. Josephine anati, "Koma thumba ili n'lofewa, Esau andisungire." Manyazi anandigwira, inu, misozi n'kutuluka. Koma paja thumba silidandaula. Ine ndinapirira ndithu.

Ndinabisala kuchipinda mpaka mawa lake, kenaka ndinazembera kuseri n'kutulukira pakona ndi sutikesi. Mnansi wanga Stanislaus anandithamangira, khamu lili pambuyo.

"Ba Amos, kumwamba kuli bwanji?"

Ine ndine Mkatolika, sindinama. "Mdima, kutentha, mabampu, ndiponso kumanunkha kapenta."

Ndeke yense anagwedeza mutu. Felistus anayenda mwamatama chaka chathunthu.

Zaka zitatu zitapita, wailesi inati aAmerika aponda pamwezi. Stanislaus anamvetsera mpaka kumapeto, khutu lili pawailesi, kenaka anaitseka mokwiya.

"Boza! Sanapiteko awa. Kapenta sanamutchule n'komwe."

Mpaka lero sakhulupirira. Nanga ine nditani? Ndimuuze, Felistus ali moyo?