Dothi la pansi pa bedi la ana

Tsiku lomwe ndinapeza sefa yanga ya ufa ili psuu ndi katondo, mtima unandiuza kuti m'nyumba muno mwalowa chinthu. Ndikanafunsa pompo, bwenzi lero ndikuyenda pa Chamama opanda manyazi. Koma ine kufunsa ayi, changa n'kuyang'anitsitsa.

Amuna anga, bambo a Tadala, ndi mlangizi wa zaulimi, ndipo akuchita sukulu ija amati masitazi. (Yanga inathera sitandade sikisi, musandifunse zambiri.) Tsiku lina anandiuza kuti pomalizira pali njira zitatu: kulemba mayeso aakulu, kulemba buku la kafukufuku, kapena kukagwira ntchito kwinakwake n'kulemba lipoti.

"Ine mayeso amandizunguza mutu, ndasankha kafukufuku," anatero.

Ndinangoti chabwino. Ndinkasambitsa mwana, mawu enawo anapita ndi madzi.

Mvula isanagwe, bambo anayamba kuzungulira m'minda ya fodya ya eni, kakhasu m'manja. Apa kutapa dothi, apo kutapa dothi, lonse m'tijumbo. Kufika kunyumba kuliyanika, kulisinja, kulisefa ndi sefa yanga ija. Munthu wa tayi!

Ku mjigo, a Nabanda oyandikana nafe anandikodola.

"Amake Tadala, dothi la m'munda mwathu lija mwadyera ndiwo zanji?"

Amayi onse gwaa kuseka. Kenako a Nabanda anatsitsa mawu.

"Wotapa dothi m'munda wa mnzake amafuna chiyani ngati si kukoka fodya wa eni? Zokhwimazi, mwana iwe, zimayamba ndi dothi, koma chizimba chake chomalizira ndi mwana wa m'nyumba."

Ndowa inatsala pang'ono kugwa. Ine ana ndili nawo awiri okha, Tadala ndi wakhanda Yamikani.

Ndinayamba ulonda. Bambo akanyamula mwana, ine ndili pambuyo. Akamugulira Tadala bisiketi, ine kulanda, kununkhiza, kudya ndekha kuti ngati n'kufa ndife ine. (Mwezi umenewo ndinanenepa, anthu n'kumati banja likundikomera.)

Mvula itayamba, tijumbo tija tinasowa pomwe tinkakhala. Ndinati mwina alapa. Ndikusesa m'chipinda cha ana, tsache linagunda chinthu. Kuwerama, mayo ine, tonse tili ndandanda pansi pa bedi! Mwana wanga kugona pamwamba pa minda ya mudzi wonse!

Sindinadikire. Bambo anali ku ntchito. Ndinabereka Yamikani, kuwolera tijumbo tonse m'dengu, ulendo wa kuchimbudzi. Ndinkaponya kamodzikamodzi, uku ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Pomaliza ndinasamba m'manja ndi mchere, n'kukhala pakhonde ngati msilikali wochokera kunkhondo.

Masana bambo analowa m'chipinda muja, n'kutulukamo mothamanga.

"Amake Tadala, dothi langa lili kuti?"

"Lili komwe liyenera kukhala. Ana anga simuwakhudza!"

"Kuwakhudza bwanji?"

"Kukhwimira ana anga ayi! Ngati mukufuna galimoto, limani fodya ngati anzanu."

Nditawalozera kuchimbudzi, anakhala pansi. Osati pampando, pansi penipeni.

"Mayi, dothi lija limayenera kupita ku Lilongwe, akaliyeze pa makina, tidziwe chifukwa chake fodya akuchepa m'minda muno. Buku langa lonse linali m'tijumbo timeneto. Ndinatiika kwa ana chifukwa ndi chipinda chokha chosadontha."

"Ndiye katapeni lina. Dothi lili mbwee Kasungu yense."

"Anthu athira kale feteleza. Lotapa pano silinganene zoona. Mpaka chaka chamawa."

Ndinati ngati zili choncho ndikhoza kukativuula ndi nsungwi. Sanaseke.

Anaimbira aphunzitsi awo owayang'anira. Nkhani itafika pachimbudzi, ndinamva kuseka kukutuluka mu foni, ine ndili kukhitchini. Atatha kuseka, aphunzitsiwo anauza bambo kuti asankhe, kudikira chaka chathunthu kapena kusintha njira n'kulemba mayeso aakulu aja. Bambo anasankha mayeso, omwe aja ankawathawa.

Pano akuwerenga mpaka maso kufiira, ngakhale tambala akalira amamukalipira. A Nabanda nditawafunsa, anangoti, "Aa, ine ndimangocheza." Ku mjigo andipatsa dzina loti Pulofesa, ndipo ndikadutsa amabisa ndowa, ati ndingazitaye m'chimbudzi.

Manyazi ndinachita, kupepesa ndinapepesa mogwada, ndipo zonse anandifotokozera bwinobwino. Komabe Loweruka ndinakweza ana pa kabaza, ulendo wa ku Wimbe kwa amayi anga. Bambo ndinawauza kuti ndikufuna awerenge popanda phokoso, mpaka anandithokoza. (Musawauze.) Anawo abwerako ndikaliona ndi maso anga pepala la masitazilo, lili ndi chidindo.