Ntchafu ya Nkhuku Imene Inandimanitsa Ulendo wa ku Peru

M'kabati yanga ya zovala muli nsapato zatsopano zokwerera mapiri, zolemera ngati mitondo iwiri, ndipo sizinapondepo phiri lililonse. Amuna anga akafuna kundiputa amangozitulutsa n'kuziika pakhomo. Nkhani ya nsapatozi ndakhala ndikuizemba, koma poti azimayi a kwaya akuifotokoza kale m'njira yawo (ena mpaka akuti apolisi anabwera), bola ndiinene ndekha mwiniwake.

Ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalira ansembe opuma kuno ku Dublin. Mmodzi mwa amene ndimawasamalira ndi Abambo Declan, mzungu wa konkuno amene anakhala zaka zambirimbiri pa mishoni ina ku Dedza. Chichewa chawo ndi chakale chija, cha m'buku la nyimbo, moti akamalankhula ine ndimachita manyazi ndi changa chosakanizachi. Zaka zawo zapitirira eighty, amayenda ndi ndodo, koma mutu ukugwira bwinobwino, ndipo nthabwala ndiye musanene.

Abambowa anali ndi khumbo limodzi lotsala. Ankafuna kukaona zilumba za Galapagos, kumene amati kuli afulu aakulu oti munthu n'kukhalapo ngati mpando, ndi abuluzi osambira m'nyanja. Akachoka kumeneko, akakwere mapiri a ku Peru kukaona mzinda wakale wa miyala umene anamanga anthu a mtundu wa Inca. Mwana wa mlongo wawo, Maureen, anati awatengerako mphamvu zisanathe. Koma pankafunika munthu wachitatu, wowapatsa mankhwala, kuwaveka, ndi kuwagwira dzanja pokwera boti. Abambo anatchula ine.

Abale anga, ine wa ku Ntcheu, amene ulendo wanga waukulu unali wobwera kunowu basi! Tsiku lomwelo ndinauza amuna anga. Lamulungu ndinauza kwaya yonse ku Blanchardstown. Ndinaimbira achemwali anga kumudzi, iwo n'kuuza mudzi wonse kuti ndikupita kukaona afulu ku America (anafunsa ngati afulu atha ku Malawi). Kenako ndinakagula nsapato zija. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ine ndinali nditayetsemula kale ndi fodya wa pachala.

Maureen ndi mayi waulemu koma wosamala zinthu mpaka kutopetsa. Sanakane dzina langa, komanso sanavomere. Anati sanandionepo ndikuwasamalira amalume ake kunja kwa nyumba, choncho tiyambe tayesa kaulendo kakang'ono. Kufupi ndi doko la Dún Laoghaire kuli kachilumba kopanda anthu, kokhala mbalame, mbuzi zopanda mwini, ndi bwinja la tchalitchi lakalekale. Anati nyama zilipo, miyala yakale ilipo, boti lilipo, ndiye tikachite ngati tili kale ku Galapagos. Ndinadziwa kuti amenewa ndi mayeso anga.

Anandifotokozeranso lamulo lakumeneko, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa katekisimu. Pazilumba zimenezo munthu satsika ndi chakudya, sadyetsa nyama, sayandikira nyama. Amasecha zikwama, ndipo wolakwa mmodzi akhoza kubwezetsa gulu lonse m'boti. Anati nkhomaliro tikadya pobwerera, pa lesitilanti ya padoko, wakonza kale malo. Ine ndinagwedeza mutu n'kunena kuti ndamva.

Ndinamvadi. Koma kumva ndi makutu n'kwina, mtima wa Mmalawi n'kwina. Usiku wa Lachisanu ndikulongedza mankhwala a Abambo, chikwama chinandionekera chopepuka mochititsa mantha. Munthu angayende ulendo wa pamadzi wopanda kamba? Kwathu ngakhale ulendo wa ku Balaka umanyamula kenakake, ndipo basi isanatuluke n'komwe mu depoti anthu amakhala atayamba kale kusenda mazira. Boti likafa pakati pa nyanja, nkhalamba ya anthu idya chiyani? Ndinadziuza kuti sindikuswa lamulo, ndikungoteteza moyo.

Ndiye m'mamawa ndinakazinga nkhuku. Osati zofewa za m'mashopu akuno zija zosungunuka pakamwa ayi, koma yolimba ija ya kushopu ya aku Africa, imene timaigula tikasowa ya lokolo. (Kumbukirani mawu akuti yolimba, tiwapezanso kutsogoloku.) Ndinawonjeza mandasi ndi mazira owiritsa. Zonse ndinaika mu kontena, kontena m'chitenje, chitenje pansi penipeni pa chikwama. Amuna anga anandiyang'ana n'kufunsa ngati azungu aja anavomera. Ndinawayankha kuti kamba sapempherwa chilolezo.

Ulendo unayamba bwino kwabasi. Ndinawakweza Abambo m'boti ngati ndinabadwira padoko, ndinawamangira jekete yoyandamitsa, ndinawaphimba mawondo ndi bulangete. Maureen anandiyang'ana n'kumwetulira, mtima wanga n'kunena kuti Peru uja ndi uyu. Vuto linali limodzi. Kontena yanga sinkatseka bwino, ndipo mphepo ya panyanja ndi kazitape. Woyendetsa boti ananunkhiza kawiri n'kuyang'ana injini yake. Abambo nawo ndinaona mphuno yawo ikugwedera.

Titafika pachilumba tinayenda pang'onopang'ono mpaka pa bwinja la tchalitchi lija. Abambo anagwira miyala n'kutiuza za amonke akale, ine ndikuvomera ngati ndinawadziwa. Kenako anati atopa, akufuna kukhala. Ndinawakhazika pamwala wotetezeka ku mphepo. Maureen anatulutsa zoonera patali zake n'kunena kuti atsikira kumunsi akaone ma seal, zinyama zija zonga agalu onenepa opanda miyendo, zimene zimagona pamiyala. Anati sachedwa.

Atangopotoloka, Abambo anandikodola ndi ndodo.

"Mayi, m'chikwama chanucho mukununkhira kwathu."

Ndinati ndi mafuta odzola. Anandiyang'ana ndi maso aja a munthu amene wamva anthu akulapa kwa zaka fifite.

"Wansembe sanamizidwa, mayi. Ndi ntchafu kapena phiko?"

Inu mukanatani? Nkhalamba imene tsiku ndi tsiku imadya mbatata yoponda ndi nsomba yopanda mchere, ikukupemphani m'Chichewa, maso ali mbee. Ndinayang'ana kumunsi, Maureen atatipatsa msana. Ndinamasula chitenje n'kuwapatsa ntchafu yaikulu kuposa zonse. Anadalitsa chakudya mwachangu, dalitso lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo, n'kuyamba kulimbana nayo. Nanenso ndinatenga ndasi limodzi kuti asadye okha.

Apa m'pamene panatera mlendo. Inali seagull imodzi, mbalame zoyera zija za m'mbali mwa nyanja, yaikulu ngati tambala. Inaima patsogolo pathu n'kumangondiyang'ana. Ndikaluma ndasi, iyo diso pa ine. Ndikatafuna, diso pa ine. Tsono ine ndinaleredwa kuti sudya wina akukuyang'ana, kaya ndi mwana wa mnansi, kaya ndi galu. Chakudya chimakana kutsika. Anthu akuno amadziwa khalidwe la mbalame zimenezi kuyambira ali makanda, koma ine ndimakhala kutali ndi nyanja, ndinkangoziona zikuuluka patali n'kumati n'zokongola. Ndinanyema kachidutswa n'kuiponyera. Mumtima ndinati kupatsa n'kuika.

Inameza, n'kukweza khosi, n'kukuwa. Sikunali kuthokoza. Kunali kuitana mudzi wonse kuti kuno kuli phwando.

Sindikudziwa kumene zinachokera. Kumwamba kunangoti bii, phokoso ngati msika wa Lizulu tsiku la Loweruka. Zina zinatera pamwala, zina pa bulangete, ina inaima pa nsapato yanga yatsopano. Nzeru zimene zinandibwerera zinali zakuti ndikaponya mandasi patali zipita konko, tipume. Ndinaponya. Zinapitadi, n'kubwerera ndi anzawo. Ndinavula mpango n'kuyamba kuzikupiza ndikukuwa "shwa! shwa!" ngati ndikuingitsa nkhuku pa mphale, koma mbalame za ku Dublin sizimva Chichewa. Mbuzi zopanda mwini zija nazo zinatulukira kuseri kwa bwinja, ndipo tonde wina wandevu zake anayamba kutafuna ngodya ya chitenje changa modekha, ngati wachita kuitanidwa.

M'chipwirikiti chonsechi Abambo sanasiye ntchafu yawo. Anali ataigwira ndi mano, akukoka, nkhuku yolimba ija ikukana. Ndinaona chimbalame chimodzi chikutsika kuchokera kumbuyo kwawo. Ndinati ndiwachenjeze, koma ndinachedwa. Chinagwira fupa la ntchafu n'kukoka. Abambo anakoka. Icho chinakoka. Ndipo ntchafu inanyamuka ulendo wa kumwamba, mano oikirira a Abambo, a m'mwamba onse, atakakamira m'nyama.

Ndinaimirira kukamwa kuli yasa, kuyang'ana mano amene ndimawatsuka ndekha usiku uliwonse akuwoloka nyanja kulowera ku Wales.

Tsono tamverani tsoka langa. Maureen ataona mbalame zambiri zikuzungulira, anasangalala. Anakweza zoonera patali zija n'kusankha mbalame imodzi yoti aitsatire. Pa mbalame zonse zija anasankha iyoyo. Anandiuza pambuyo pake kuti poyamba ankaganiza kuti yagwira nkhanu, kenako anaona bwinobwino kuti nkhanuyo ikumwetulira, ndipo kumwetulirako akukudziwa.

Anakwera chitunda akuthamanga. Anapeza ine mpango uli m'manja, tsitsi lili nyankhalala, jekete yonse zitosi. Mbuzi inali ndi theka la chitenje m'kamwa, makoko a mazira ali mbwee. Abambo anali atawerama, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti atsamwa, ndinathamanga kukawamenya pamsana. Ayi ndithu, anali kuseka. Ankaseka ndi nkhama zokhazokha, misozi ili chuchuchu, akuloza kunyanja ndi ndodo.

Maureen sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangotola kontena n'kuitseka, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati lamulo lija sindinalimve. Ndinati ndinalimva. Abambo anayesa kundiikira kumbuyo, kunena kuti anapempha okha, koma wopanda mano mawu ankangotuluka mphepo, ndipo akafika pa mawu akuti ntchafu ankayambiranso kuseka. Pa lesitilanti paja anamwa supu.

Mlungu wotsatira Maureen anandiitanira pambali. Anati akudziwa kuti amalume ake ndimawakonda, mwina kuposa wina aliyense panyumbapo, koma vuto lake ndi lomwelo, sinditha kuwakaniza. Kumene akupitako kukana kamodzi n'kofunika. Anasankha mnzanga wina wa kuntchito, mnyamata wamkulu thupi wosaseka, woti ngakhale bishopu atamupempha bisiketi angamuuze kuti nthawi yake sinakwane.

Zinandiwawa, ndisaname. Ndinakalowa m'chipinda chochapira n'kulira makina akuzungulira kuti anthu asamve. Sikuti ndinkalirira afulu ayi. Ndinkafuna kuti pamene Abambo akafike pamwamba pa phiri lija, dzanja limene agwire likhale langa. Kenako panali ntchito youza kwaya, ndi achemwali anga, amene anangoti, "Ndiye mwalephera afulu chifukwa cha nkhuku?" n'kuseka mpaka mayunitsi kutha.

Tsiku lonyamuka linafika. Mano atsopano anali atabwera, oyera kuposa akale. Takisi inaima pakhomo, Maureen akuwerenganso mapasipoti, mnyamata uja akukweza masutikesi. Abambo anandiitana kuti ndiwakonzere mpango wa m'khosi. Nditawerama anandinong'oneza.

"Mayi, munthu angapite mpaka ku Peru wopanda kamba?"

Ndinawakonza mpango bwinobwino, ndinawamanga batani la m'mwamba, n'kuwagunda pang'ono pathumba la jekete, pamene panali potentherabe.

"Ya lero ndi yofewa, ndachotsa mafupa," ndinatero. "Mudyere m'galimoto musanafike pa eyapoti. Ndipo chonde, Abambo, mawindo akhale otseka."