Kampango wa Pakati pa Makandulo

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Chipyela pali amayi ena okalamba amene amandiweramira n'kunena kuti, "Moni a Padili," kenako amaseka mpaka kutsokomola. Ine upadili, unsembe wa tchalitchi, sindinaulotepo. Nkhani yake ndikuuzani, koma muisunge mumtima (ngakhale chilumba chonse cha Likoma chinaimva kale).

Nkhondo yaikulu ija itangotha ndinabwerako ku Halale, kumene ndinagwira uwetala zaka zisanu ndi chimodzi mu hotela ina ya azungu. Anzanga ankabwera ndi njinga ndi makina osokera. Ine ndinatsika sitima ndi jekete yoyera, nsalu ya patebulo, kabelu koitanira wetala, ndi paketi ya makandulo.

Musandiseke msanga. Mukanaona zimene ndinkaona mu hotela muja! Loweruka ankazimitsa magetsi n'kuyatsa makandulo awiriawiri patebulo lililonse. Mawu a anthu ankatsika okha, mafoloko ankaleka phokoso, ndipo ngakhale dona wina wolalata ankaoneka ngati ali ndi chifundo. Ine ndinkaima pakona, mbale m'manja, mtima uli kutsidya kwa nyanja. Pampando uliwonse ndinkaona bwenzi langa Agnesi wa ku Yofu, kuwala kukusewera pamasaya pake. Kawiri konse ndinathira msuzi pansi chifukwa cha maloto amenewa.

Nditafika ndinatsegula katiyirumu pafupi ndi msika, ka tiyi ndi zitumbuwa. Agnesi anali atandidikira, koma bambo ake, a Yohana, sankafuna kumva za mtchona. Mkuluyu ndiye ankayatsa ndi kuzimitsa makandulo m'tchalitchi kuyambira ine ndisanabadwe. "Ndikaone kaye kumene mwana wanga azikadya," anatero, "ndipo pamenepo ndidzayankha."

Ndinati mwayi ndi umenewu. Vuto linali limodzi: mkuluyu sankayenda mumdima njira ya miyala ya ku Yofu ija, choncho anati abwera dzuwa likangopendeka. Kandulo masana ali ndi ntchito yanji? Basi ndinatenga masaka n'kutseka mazenera onse mpaka m'nyumba munada bii. Ndinayala nsalu yoyera, n'kuika kandulo uku, wina uku, mbale ya kampango yovundikira pakati, kabelu pambali. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, misozi inalengeza. Halale anali atafika ku Chipyela! (Kuti tebulolo linkafanana ndi chinthu china chimene ndinkachiona Lamulungu lililonse, mutu wangawu sunandiuze.)

A Yohana atalowa anaima chilili. Anavula chipewa, napinda bondo limodzi, nalemba mtanda pachifuwa. Agnesi ndi mayi ake anachita chimodzimodzi n'kukakhala pansi kukhoma. Ine mumtima ndinati, mwaona, ulemu wa hotela wawagwira.

Ndipo pamenepo ndinamuona. Agnesi atakhala phee, maso pansi, kuwala kwa kandulo kukuyenda pang'onopang'ono pamphumi pake monga ndinkalotera zaka zonse zija. Ndikanakhala wanzeru ndikanafera pomwepo.

M'malo mwake ndinapita kukavala jekete yoyera. Ndinatulukira ndi kabeseni ka madzi osamba m'manja, kathawulo kali pamkono, ndikuyenda mwakachetechete monga anatiphunzitsira. A Yohana anandikodola.

"Mwana wanga," ananong'ona, "wachita bwino kuyamba ndi Mulungu. Padili afika nthawi yanji?"

Sindinamvetse. Ndinaganiza kuti akufunsa ngati kuli alendo ena, ndiye ndinayankha monyadira kuti, "Palibe wina, bambo. Zonse ndichita ndekha."

Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine pofuna kusonyeza kuti chakudya chakonzeka, ndinagwira kabelu kaja. Ngili, ngili, ngili!

Onse atatu anagwada pansi nthawi imodzi. Amayi ogulitsa usipa panja atamva belu anasuzumira, ndipo ataona makandulo anatula madengu n'kulowa chogwada. Mmodzi anayamba nyimbo ya Mgonero, enawo n'kulandira, kanyumba kanga konse kanadzaza mawu okoma ngati kumwamba. Wina kumbuyo ankafunsa motsitsa kuti wamwalira ndani. Apa ndi pamene maso anga anatseguka, koma dzanja linali litapita kale pachivundikiro. Ndinavundukula.

Kampango uja anali gone pakati pa makandulo awiri, kukamwa kuli yasa, ndevu zili m'tomato.

Nyimbo inaduka pakati. Kunamveka kuseka kumodzi kokha, kotsamwa, kochokera kukhoma, ndipo ndinadziwa mwini wake. A Yohana anadzuka, mawondo akulira. Sanakalipe. Anazimitsa kandulo wa kumanja, kenako wa kumanzere, mwaulemu wonse monga ankachitira m'tchalitchi, n'kuchotsa saka limodzi pazenera.

"Zaka zonsezi ndagwadira Ambuye," anatero, "lero wandigwaditsa pamaso pa somba. Makandulo ena ali kuti?"

Ndinapereka paketi yonse pamodzi ndi kabelu. Anakulunga zonse, ngakhale makandulo awiri a patebulo aja, m'nsalu yanga yomwe ija n'kutuluka, Agnesi pambuyo, mapewa akugwedezeka. Kampango anadyedwa ndi amayi a usipa, panja, dzuwa likuswa mtengo.

Miyezi isanu ndi itatu mkuluyo sanandiyankhe moni. Ndinaonda, abale, ndipo tiyi wanga ankangomwedwa ndi anthu obwera kudzaona "guwa la kampango". Chimene chinandipulumutsa ndi Agnesi, amene anauza bambo ake kuti munthu wopusa chotere sangathe kunama, ndipo wina akapanda kumuyang'anira adzawotcha chilumba.

Tsiku la ukwati wathu, titagwada kutsogolo, ndinakweza maso. Paguwa pankayaka makandulo awiri, wina wamfupi pang'ono ndiponso wopindika kumutu. Ndinawazindikira: anali a patebulo langa aja. Ndinacheukira Agnesi, kuwala kuja kuli pamphumi pake kachiwiri, ndipo apongozi podutsa anawerama n'kundinong'oneza kuti, "Malo ake ndi ano."

Sindinatsutse. Koma pansi pa mtima ndimakhulupirirabe kuti nsomba imakoma pakandulo. Chaka chatha mafuta a nyali atatha ndinayatsa mmodzi patebulo, ndipo nditatembenuka ndinapeza mayi wa ana anga asanu ndi awiri atagwada kale, manja pachifuwa, akundifunsa kuti belu lili kuti.