Maliro a a Dankani a m'buku

Amayi a ku tchalitchi akandiona masiku ano amayamba kutsokomola, ndiye bola ndikuuzeni ndekha zisanakupezeni zothira mchere.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Nditabwera kuno ku Glasgow kudzalera mdzukulu, mwana wanga anandilembetsa kalasi ya Chingerezi mu holo ya tchalitchi ku Maryhill. Chimene ndinkafuna n'chimodzi, kukwera kalasi yapamwamba kuti ndizikawerengera kamdzukuluko mabuku kosandikonza. (Kazaka zisanu, koma Chingerezi chake ngati minibasi yolimbirana anthu pasiteji.)

Aphunzitsi athu a Moira, mtsikana wofatsa bwino, anatipatsa kankhani ka bambo wina dzina lake Dankani. Bamboyo amwalira, mkazi wake angotseka makatani n'kutereka tiyi. Nkhani yathera pomwepo. Ine zinandiwawa.

"Aphunzitsi, munthuyu analibe abale?"

Iwo akuti chisoni chonse chili mu tiyimo. Ndiye anati tichite sewero, amene aonetse kuti nkhani waimvetsa akwera kalasi. Ine anandipatsa za neba wodzapepesa, mawu anga awiri okha.

Mumtima ndinati ayi, a Dankani sangapite ngati nkhuku. Tsikulo ndinamanga chitenje pamwamba pa jekete, duku kumutu, nsapato ndinavulira panja, kulira ndinayambira kukhomo lalikulu monga mwa mwambo. "Mayo ine, a Dankani, mwatisiya ndi yani?" Kenako pansi khu, kugubuduka. Mayi wa ku Sudan amene ankachita za namfedwa anataya tiyi yense.

Chimene ndinaiwala n'choti Lachinayi amayi akwathu amaphunzira kwaya chipinda chinacho. Inu mukudziwa, ife tikamva kulira sitiyamba n'kufunsa. Analowa asanu ndi mmodzi, Mayi Nambewe wotsogolera kwaya patsogolo, onse pansi miyendo tambasu, nyimbo ya maliro yayambika. Aphunzitsi akuti akweze buku m'mwamba kuti afotokoze, amayi akuwasisita pamsana poyesa kuti ndi mwana wa malemu. (Kunena zoona inayimbidwa bwino, mpaka ine ndinalira zenizeni.)

Nyimbo yachiwiri itatha Mayi Nambewe anandinong'oneza.

"Amwali, watisiyayu ndani?"

"Ngwa m'buku, amayi."

"Nanga thupi lili kuti?"

"Pa peji sikisi."

Tsoka ilo, wina anali atalemba kale za malirowo pa gulupu ya pafoni. Pofika kunyumba ndinapeza shuga, buledi, ndi abambo akunyumba akuimba foni kuchokera ku Dedza.

"A Naphiri, takalamba limodzi ife. Dankani ameneyu ndani woti mpaka kugubuduka? Ine ndikadzafa mudzatero?"

Kalasi ndinakwera, inu. A Moira akuti palibe anaimva nkhaniyo ngati ine, kungoti ulendo wina ndizimvera pampando. Buku latsopano ndafunsiratu ngati muli maliro, akuti mulibe, muli ukwati.

Nthungululu ndikuyeserera kubafa.