Laputopu ya a Kamera ndi Tebulo la Apongozi

Inu, tamverani za a Kamera. Dzina lenileni anali nalo, koma linatsalira m'chiphaso, chifukwa munthu wojambula mavidiyo pa maukwati ndi paliponse pamene anthu avala bwino saitanidwa mwina. Ntchito ankaidziwa, apo tisanamizane. Vuto linali apongozi awo aamuna, kalipentala wakalekale, amene sankakhulupirira kuti kuloza anthu ndi kamera ndi ntchito. Akakumana moni unali umodzi: "Muli bwanji, akamwini? Nanga ntchito mwaipeza?" Zaka zinayi m'banja, funso lomwelo. A Kamera ankaseka nawo, koma mumtima zinkawapweteka kwambiri.

Tsono mkuluyo atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ana ake anamukonzera phwando, ndipo a Kamera anajambula zonse, kuyambira pemphero mpaka mbale zotsuka. Potsanzikana apongozi anati, "Loweruka masana tibwera ndi amayi anu, tidzaone zimene mumachitazo." A Kamera anamva ngati aitanidwa ku mayeso.

Lolemba m'mawa, diski ya mu laputopu, muja mosungira zonse, inayamba kulira kuti kwe-kwe-kwe. A Kamera anathamangira kwa mayi wokonza makompyuta wa pakona ndi kugula diski yatsopano, ya mtundu wothamanga.

"Bweretsani laputopuyo ndikuikireni," anatero mayiyo.

"Mayi, ine ndimagwira kamera ya mabatani makumi atatu. Ndingalephere kumasula timasikuluu?"

"Chabwino, achimwene," anayankha, n'kubwerera ku ntchito yake.

Kunyumba anayala zida patebulo. Tebulo limenelo ndikuuzeni msanga, chifukwa nkhaniyi imayenda nalo. Anapala ndi apongozi omwewo, mphatso ya ukwati. Lolemera, losalala, lokongola, koma mwendo umodzi unali waufupi. Palibe analimba mtima kuwauza eni ake. Akazi awo a Kamera ankangopinda kakatoni ndi kukachinjiriza pansi pa mwendowo, nsalu ya patebulo n'kubisa mlandu.

A Kamera anaonera pafoni vidiyo yophunzitsa kusintha diski, koma anailekeza pakati, akuti munthuyo amalankhula kwambiri. Anatsegula laputopu n'kuchotsa chilichonse chimene chinavomera kuchoka. Anaika diski yatsopano, anabwezera zimene maso awo anaona, anamanga, anayatsa. Inayaka! Anaitana akazi awo kuti adzaone mwamuna amene anakwatiwa naye. Mayiwo anaona, anagwedeza mutu, n'kutenga tsache kusesa pamene panagwiridwa ntchitoyo. Kuyambira tsikulo tebulo linaima nji, kuposa kale lonse, koma a Kamera analibe nthawi yoyamikira matebulo.

Anathira mavidiyo a phwando aja kuchokera mu kamera n'kuyamba kuedita, kuja kodula ndi kulumikiza zithunzi. Apa ndiye panayambira maliro. Pa sikirini apongozi aimirira kuti alankhule, atsegula pakamwa, basi. Kamkombero kodikiritsa kaja kakungozungulira. A Kamera anapita kukaphika tiyi, anamwa, anatsuka kapu, pobwerera anapeza apongozi akadali kukamwa yasa.

"Bwanji osapita nayo kwa mayi uja?" anafunsa akazi awo.

"Ikuzolowera diski yatsopano. Ngakhale nsapato imayamba yathina."

Lachiwiri anaganiza kuti vuto ndi kutentha. Anaiyatsira fani, mapepala onse m'nyumba anauluka, laputopu osasintha. Masana akazi awo potsegula firiji anaipeza itakhala pakati pa tomato ndi mkaka.

"Abambo, iyinso tidya?"

"Ikupuma. Tsekani, mukutulutsa mphepo."

Inatulukamo ikutuluka thukuta, ndipo anaidikira maola atatu kuti iume. Itayaka, apongozi anatseka pakamwa paja, koma dzanja lawo linatenga mphindi zisanu kuti lifike pa keke.

Lachitatu anakameta. Wometa, amene amadziwa matenda onse a anthu, a magalimoto ndi a dziko, sanadikire n'komwe kuti nkhani ithe. "Vairasi imeneyo, bwana. Fufutani zonse, muyambirenso." A Kamera anafufuta zonse, anayambiranso n'kubwezeramo katundu yense, tsiku linathera pomwepo. Liwiro linali lomwe lija.

Lachinayi anati mwina yalemedwa ndi katundu. Anachotsa mafilimu, anachotsa magemu, anachotsa nyimbo zonse, pamodzi ndi za kwaya ya akazi awo zimene anthu khumi ndi asanu ankadalira. Laputopu inatsala yopanda kanthu, koma ikuyenda ngati yasenza matumba a simenti. Akazi awo sanalankhule nawo mpaka madzulo. Apa mantha enieni anawagwira a Kamera. Ankachita kuwaona apongozi atakhala pampando, akuyang'ana kamkombero kozungulira, kenako n'kufunsa mofatsa funso lawo lija.

Lachisanu m'mawa analowa mu shopu ya mayi uja atakwiya kale kuchokera kunyumba.

"Mwandigulitsa diski yabodza! Yakale ija inkalira, inde, koma inkayenda!"

Mayiyo anatenga sikuludiraiva, anatembenuza laputopu, anatsegula. Anayang'ana m'katimo, anayang'ana a Kamera, anayang'ananso m'katimo.

"Diski ili bwinobwino. Mnzake wa uyu ali kuti?"

"Mnzake wa ndani?"

Analoza kachidutswa kobiriwira, kotalika ngati chala, ndipo pambali pake panali malo opanda kanthu. "Iyi ndi ramu. Diski ndi nkhokwe chabe, koma apa ndi pamene laputopu imaganizira. Zinalimo ziwiri. Mwabwezera yaing'ono, yaikulu palibe. Posintha diski simufunika n'kuzikhudza komwe. Munazichotseranji?"

"Zinkaoneka ngati zili panjira."

"Ndiye mwaichotsa ubongo, kenako mukuikalipira kuti ikuchedwa kuganiza. Nanga chinyontho ichi?"

"Kunyumba kwathu kumazizira," anatero a Kamera, akuyang'ana kudenga.

Ramu ya mtundu umenewo mu shopumo munalibe, kuitanitsa kukanatenga sabata. A Kamera anabwerera kunyumba akuthamanga. Anakwawa pansi pa mipando, anakhuthula bini, anasecha ngakhale m'nsapato. Akazi awo anaimirira pakhomo, manja m'chiuno.

"Mukufuna chiyani?"

"Kanthu kobiriwira, kopyapyala, kam'mphepete ngati golide."

"Ooh, kaja? Ndinakatola posesa Lolemba. Kakugwira ntchito."

"Ntchito yanji?"

Mayiwo anakweza nsalu ya patebulo. Pansi pa mwendo waufupi uja panali kakatoni kopindidwa, ndipo m'kati mwake munkasuzumira kanthu kobiriwira. "Katoni yokha inaphwatalala," anafotokoza. "Ndi kameneka ndiye linakwana ndendende."

Inu, sabata yonse laputopu inali pamwamba pa tebulo ikuvutika kuganiza, ubongo wake uli pansi utanyamula tebulo lomwelo.

Mwamwayi katoni ija inakateteza. A Kamera atabwerera nako ku shopu, mayi wa pakona anakapukuta, anakalowetsa, laputopu n'kuyamba kuthamanga moti apongozi anadula keke, anavina, anakhala pansi, a Kamera asanaphethire.

A Kamera anaedita Lachisanu masana onse ndi Loweruka m'mawa. Vidiyo inatha pamene apongozi ankagogoda pachitseko. Atakhala onse, akazi awo a Kamera anabweretsa tiyi, ndipo mkuluyo anaika kapu yake yodzaza pangodya penipeni pa mwendo waufupi. Tebulo linayamba kuwerama. Katoni ija inali itapita ndi zinyalala, ndipo panalibe amene anakumbukira kuikapo china. A Kamera analowetsa bondo pansi pa nsalu n'kulinyamula.

Vidiyoyo inali ya ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Aka kanali koyamba a Kamera kudandaula kuti anajambula pemphero lonse. Bondo linayamba kutentha, kenako kunjenjemera, kenako linachita dzanzi. Apongozi aakazi ankaseka ndi kupukuta misozi. Apongozi aamuna ankaonera duu, tiyi osamwa, kapu osaisuntha. Pena anati, "Tabwezani pamene ndikuvina paja," ndipo a Kamera anabweza, thukuta lili kamukamu.

Vidiyo ija inatha. Mkuluyo anakhosomola.

"Akamwini."

"Bambo."

"Ndaona. Ntchito muli nayo, ndipo mumaidziwa."

A Kamera anafuna kuimirira kuti athokoze, misozi ili m'maso, koma akanaimirira tiyi akanathera pa thalauza la mlendo. Anangoti, "Zikomo, bambo," atakhala chomwecho ngati munthu wamwano.

Mkuluyo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kathabwa kakang'ono, kosemedwa bwino, kopakidwa vanishi wofanana ndi wa tebulo. Anakaika pafupi ndi laputopu.

"Aka ndayenda nako zaka zinayi, kudikira kuti wina m'nyumba muno andiuze," anatero. "Chotsani bondolo, akamwini. Mwagwira ntchito ziwiri lero."