Mapu anga pamzere wa printa

Lachinayi, Okutobala. Ndinadzuka ndikudzimva wanzeru, ndipo vuto linayambira pamenepo.

Aphunzitsi akadali pa sitalaka, choncho ndimathandiza pa kashopu ka malume kuno ku Glen Norah. Kompyuta imayendera batire ya galimoto, koma printa imafuna magetsi enieni. Anthu amabwera ndi fulashi, timatumiza ntchito zawo pamzere, iwo n'kumapita. Ukalemba lpq pa sikirini yakuda ya kompyutayo, umaziona zonse zitandandalika, kudikira ngati ife kugolosale.

Malume amakonda kuchotsa zanga pamzerewo (akuti sindine kasitomala). Ndiye ndinachita zomwe amayi amachita pamzere wa shuga, kuika miyala pamalo angapo. Mapu anga a jogalafe ndinawatumiza kutsogolo, pakati, paliponse, kuti akachotsa ena, ena apulumuke.

Masana malume anapita kukasaka buledi. Magetsi n'kubwera! Printa inatsokomola n'kutulutsa mapu. Kenako mapu. Kenako mapu enanso, pamapepala omaliza amene malume anachita kukagula ku Botswana. Mwamsanga ndinalemba lprm, lamulo lochotsera ntchito pamzere, ndi kamzere kamene ndinaona malume akuika. Printa inakhala chete. Ndinanyadira pang'ono (ndikulemba zoona). Nditalembanso lpq, pamzere panalibe kanthu. Kamzere kaja kamachotsa zonse.

Pakati pa zonsezo panali CV ya Bambo Zuze, kasitomala wathu wochokera ku Tete, amene akufunika kukaipereka ku Msasa mawa masana kuti mwina awalembe ulonda. Anafika akupukuta thukuta, ataona mababu akuyaka.

"Mwanawe, yatuluka?"

"Bambo, yachoka pamzere."

"Yachoka? Yapita kuti? Yatopa kudikira?"

Ndinawafotokozera. Anayang'ana mulu wa mapu, natola amodzi, n'kuwatembenuza.

"Ndikawapatse awa mabwana? Ndiwauze kuti ndikudziwa kumene kuli Zambezi?"

Fulashi imene munali CV yawo inali yobwereka, ndipo anali ataibweza kale kwa mwini wake, amene amakhala kutali ku Mufakose. Tikulankhula choncho magetsi anazima.

Malume atabwera sanakalipe. Anangondipatsa mapu onse kuti kuseri kwake ndiko kope langa mpaka chaka chithe.

Mawa ndilawirira wapansi ku Mufakose kukatenga fulashi ija. CV ndikaiika yoyamba, ndipo ndikhala pafupi ndi printa mpaka magetsi abwere. Notsi zanga za sayansi ndiziika kawiri kokha.